Kukonzekera intaviyu: kudzijambula pa foni kapena kufunsidwa ndi munthu?

Achinyamata ambiri omaliza ku Mzuni akaitanidwa ku intaviyu amakonzekera m'njira ziwiri, ena amadzijambula pa foni ali okha kuchipinda, ena amapempha munthu wamkulu awafunse mafunso ngati panelo yeniyeni.

Ya foniyi ndiyabwino poti siifuna ndalama, siifuna bando, mutha kubwereza kakhumi usiku muli kwanu ku Chibavi konko. Mukaonera vidiyo ija mumadzimva nokha mukuti "eeh, eeh" pa chiganizo chilichonse, mumaona maso akuthawira pansi, mumadziwanso ngati yankho la "tiuzeni za inu" likupitirira mphindi ziwiri. Koma foni siikudulani mawu, siikuponyerani funso lodzidzimutsa, ndiye mumangoloweza mayankho basi.

Kufunsidwa ndi munthu ndi nkhani ina. Mupeze amalume kapena aphunzitsi anu akale amene anakhalapo pa panelo, muvale zomwe mudzavale tsikulo, iwo akhale kuseri kwa tebulo akufunseni chifukwa chomwe munasiyira ntchito yakale kapena malipiro omwe mukufuna, apa mtima umagunda zenizeni ndipo mantha amenewo ndi omwe mukufunika kuwazolowera. Komanso ife tinaleredwa kuti wamkulu sitimuyang'ana m'maso, pomwe a panelo amafuna muziwayang'ana polankhula, izi foni singakuphunzitseni. Vuto n'lakuti anthu oterewa ndi otanganidwa, mwina akupatsani mpata kamodzi kokha.

Ine ndimati yambani ndi foni mayankho akhazikike, kenako kutatsala masiku awiri kapena atatu mukawapeze amalumewo, muwauziretu kuti asakumvereni chisoni.