Ndemanga: ulendo woyenda pansi woona mbiri ya Calvin ku Geneva

Nyenyezi 4 mwa 5. Ngati ndinu a CCAP kapena mpingo wina wotsata chiphunzitso cha Calvin ndipo mwapezeka ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ulendowu musauphonye. Tinalipira kukampani ina yoperekeza alendo, ndipo anatipatsa mayi wachikulire amene mbiri ya Jean Calvin amaiyankha ngati mwana wa m'kalasi yemwe waloweza katekisima.

Tinayambira m'tchalitchi chachikulu cha Saint-Pierre. Mkati mwake ndi mopanda zokometsera, chifukwa mafano ndi zithunzi anazichotsa mu 1535, Calvin asanafike n'komwe. Chimene aliyense amafuna kuona ndi kampando kamatabwa komwe amati ndi ka Calvin. N'kakang'ono, kouma, kosayenera munthu wa dzina lotero. Mayiwo anafotokoza kuti mu 1536 Calvin ankangodutsa mumzindawu, koma mlaliki wina, Guillaume Farel, anamuumiriza kuti akhale, mpaka kumuopseza kuti Mulungu adzatemberera mtendere umene ankaufuna kuti azingowerenga mabuku. Mu 1538 akuluakulu a mzinda anawathamangitsa onse awiri. Calvin anakakhala ku Strasbourg, ndipo akuluakulu a mzinda wa Geneva anamuitananso mu 1541.

Chimene chinandikhutiritsa kuti ndalama zanga sizinapite pachabe ndi nkhani ya Michael Servetus. Ndinkayembekeza kuti mayiwo aizemba, koma anaiyamba okha. Servetus anali dokotala wa ku Spain amene ankakana chiphunzitso cha Utatu Woyera komanso ubatizo wa makanda. Akatolika ku France anali atamumanga kale, iye n'kuthawa, ndipo anamugamula kuti aphedwe iye kulibe. Atafika ku Geneva anamuzindikira ali m'tchalitchi, namumanga, ndipo pa 27 Okotobala 1553 anamutentha wamoyo ku Champel, kunja kwa mzindawo. Chigamulo chinali cha khonsolo ya mzinda, koma amene anamuneneza ndi kupereka umboni wa ziphunzitso zake anali Calvin. Iye anapempha kuti Servetus angodulidwa mutu m'malo motenthedwa, khonsolo inakana. Bambo wina m'gulu lathu anati imeneyo inali nthawi yake, aliyense ankachita zomwezo. Mayiwo sanapse mtima. Anangomukumbutsa kuti nthawi yomweyo kunali Sebastian Castellio, amene analemba poyera kutsutsa kupha munthu chifukwa cha chikhulupiriro. Anatiuzanso kuti mu 1903 otsatira a Calvin enieniwo anaimika mwala ku Champel wovomereza kuti zija zinali zolakwa. Zimenezi ku Sande sukulu sitinazimvepo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland. Pambali penipeni pa Saint-Pierre pali kachisi wamng'ono wotchedwa Auditoire, momwe Knox ankatumikira anthu othawa mfumukazi Mary Tudor wa ku England asanabwerere kwawo ku Scotland mu 1559. Kwa ife Amalawi apa ndiye pamene pali mtsempha, pakuti dongosolo la akulu ampingo limene anakalikhazikitsa ku Scotland ndi lomwe amishoni a Livingstonia anafika nalo ku Cape Maclear mu 1875, ndipo ena anafika nalo ku Blantyre mu 1876. Koma tinangolozeredwa chitseko, basi tiyeni. Nditafunsa, anati nthawi yatha. Pa Khoma la Kukonzanso Mpingo ku Parc des Bastions, pamene paima zifanizo zazitali za Farel, Calvin, Théodore de Bèze (amene analowa m'malo mwa Calvin) ndi Knox, tinangopatsidwa mpata wojambulitsa.

Valani nsapato zafulati, misewu yake ndi yamiyala komanso yokwera. Kukwera nsanja ya tchalitchi mumalipira padera, ndipo makwerero ake ndi opanikiza, agogo asayerekeze. Tengani kamba, chakudya m'derali n'chodula koopsa. Polembetsa, nenani msanga kuti mukufuna kulowa mu Auditoire, ndipo mufunse ngati tsikulo ikhale yotsegula.