Ndinakamvera nyimbo ya zaka 1,000 ku Trinity Buoy Wharf

Mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira zaluso kuno ku London, anandiumiriza kwa miyezi kuti tikamvere chinthu chotchedwa Longplayer. Ndinkangomuuza kuti tidzapita. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku, ndiye Loweruka likakhala langa ndimafuna tulo ndi kuchapa basi. Koma tsiku lina anangofika pakhomo atavala kale jekete nkuti, "Azakhali, lero lokha musakane." Tinanyamuka.

Tinatsikira pa siteshoni ya Canning Town nkuyenda wapansi kupita ku Trinity Buoy Wharf. Malowa ali pansonga pomwe mtsinje wa Lea umathira mu Thames, moyang'anizana ndi chinyumba choyera cha O2 chija, chochitiramo zoimbaimba ndi masewera. Kale panali malo okonzera zitsulo zoyandama ndi nyali zolondolera sitima zapamadzi, mpaka 1988. Lero pali amisiri a zaluso amene amagwirira ntchito m'makontena opakidwa utoto wowala, ndipo pakati pake paima nsanja ya nyali yomangidwa mu 1864. Nsanjayi sinalondolereko sitima, ankayeseramo nyali zokaika m'nsanja zina, ndipo Michael Faraday uja tinkamuloweza pamtima m'kalasi ya sayansi anagwirapo ntchito pamalo amenewa. Mmenemo ndi momwe muli Longplayer. Amatsegula Loweruka ndi Lamlungu, kulowa ndi kwaulere, mumangoponya kangachepe ngati mtima wafuna.

Musanafike pamwamba mumayamba mwaona mbale zachitsulo 234, zazikulu ndi zazing'ono, zitandandalikidwa pamashelefu okhota. Ndi mbale zija zimalira ukazigogoda kapena kuzungulitsa kamtengo m'milomo mwake, zimene anthu amazitcha mbale za ku Tibet. Sizilira zokha ayi, zimangodikira. Zinaimbidwa ndi anthu pamaso pa gulu mu 2009 ku Roundhouse, holo ya zoimbaimba ya kuno ku London, kwa mphindi 1,000. Mawu amene mumamva m'nsanjamo amachokera pa kompyuta kudzera m'masipika.

Kenako pali masitepe opapatiza okwera kukachipinda ka magalasi okhaokha komwe kunkakhala nyali. Ndinakhala pansi, chikwama pamiyendo. Mphindi zoyamba mtima wanga unkangofunsa kuti, kodi nyimboyo iyamba liti? Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse, mwanayo anandigwira pa bondo. "Azakhali, yayamba kalekale. Ingotcherani khutu."

Amene munaphunzira kumudzi mukukumbukira limu ya galimoto yomangirira pa mtengo wa mango, imene mwana wosankhidwa ankaimenya ndi chitsulo nthawi ya buleki. Si kulira koyamba kuja, ngwee, kumene ndikunena. Ndikunena kung'ung'udza kotsalira, kumene kunkapitirira anzako onse atathamangira kale panja, iwe utaima pafupi ndi mtengowo nkumamva chitsulo chikunjenjemerabe mpaka kuzimirira. Longplayer ndi kung'ung'udza kumeneko, koma kosazimirira. Mawu ena ndi akuya moti suwamva ndi khutu lokha, amadutsa m'chifuwa. Ena ndi opyapyala, amabwera pamwamba nkusowa. Awiri akakumana pamamveka kugunda kwapang'onopang'ono ngati mafunde a ku Senga Bay m'mamawa mphepo isanadzuke. Pakapita kanthawi kamalira kambale kamodzi patali, ngati wina wagunda kapu kukhitchini kwa aneba.

Anaipeka ndi Jem Finer, amene anthu ambiri amamudziwa ngati woimba banjo m'gulu la The Pogues, mothandizidwa ndi bungwe la Artangel. Inayamba kulira pa 31 Disembala 1999, ndipo anaikonza kuti isadzabwereze mpaka kumapeto kwa chaka cha 2999. Mwanayo anandifotokozera kapangidwe kake ndi zala pa galasi. Finer anajambula nyimbo ya mbale zoterezo yotalika mphindi 20 ndi masekondi 20, nkuipanga mitundu 6, ina yokwera mawu ina yotsika. Yonse 6 imalira pamodzi, ndipo mphindi ziwiri zilizonse poyambira pa mtundu uliwonse pamasendera kutsogolo, wina kwambiri wina pang'ono. Wothamanga umazungulira m'masiku owerengeka, wochedwetsetsa udzamaliza ulendo wake zaka 1,000 zikadzakwana. Nchifukwa chake zimene ndinamva ine masana amenewo palibe anazimvapo, ndipo sizidzamvekanso m'moyo wa aliyense amene alipo lero.

Apa mpamene thupi langa linachita tsemwe. Ntchito yanga yandikhazika pambali pa mabedi a anthu amene akutsirizika, ndipo ndikudziwa mmene mawu amakhalira ofunika maso akatopa. Gogo wina amene ndinkamusamalira anali atasiya kuzindikira nkhope za ana ake, koma ndikamuimbira motsitsa, ngakhale m'Chichewa chimene sankachimva, kupuma kwake kunkakhala m'malo. M'nsanja muja kupuma kwanga kunachita chimodzimodzi. Mapewa anatsika okha. Kunja ndege zinkanyamuka ku London City Airport, maboti ankadutsa pa Thames, ndipo m'malo mosokoneza, phokoso lawo linkalowa m'nyimbomo ngati linaitanidwa. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu osayankhulana.

Poyamba ndinkaganiza kuti luso la m'nyumba zachionetsero ndi la maso basi, zojambula ndi zosema. Tikutsika, mwanayo anandiuza za Susan Philipsz, amene mu 2010 anapata mphoto ya zaluso ya ku Britain yotchedwa Turner Prize ndi mawu ake okha, ojambulidwa akuimba, amene anayamba kumveka pansi pa milatho itatu ya ku Glasgow. Anatchulanso Emeka Ogboh wa ku Nigeria, amene amajambula phokoso la mumzinda wa Lagos, ndi oitanira mabasi omwe, nkukalimveketsa m'mizinda ya ku Ulaya. Nthawi yomweyo ndinamva m'mutu mwanga depoti ya ku Lilongwe, anyamata akukuwa kuti watsala m'modzi, amayi a mandasi, wailesi zitatu zikulimbana. Tinakulira m'kati mwa chuma chimenecho nkumachitcha chisokonezo.

Chimene chandigwira mtima kwambiri nchakuti kompyuta ilibe moyo wa zaka 1,000, ndipo amene anaipanga nyimboyi akudziwa. Nchifukwa chake pali bungwe la Longplayer Trust, loti lizisiyira udindo m'badwo wotsatira, ndipo nchifukwa chake mbale zija zilipo: magetsi atadzatha, anthu angathe kuiimba ndi manja. Agogo anga aamuna ku Dedza anabzala mibawa akudziwa bwinobwino kuti matabwa ake sadzawakhudza. Sindinayembekezere kukumana ndi mtima womwewo m'mbali mwa Thames.

Kwa amene mukufuna kupita, dziwani izi. Si malo a munthu wofuna nyimbo yoti aziimba nawo kapena kugwedezera mutu. Mukangosuzumira mphindi zisanu nkutuluka, mudzati palibe chimene mwamva. Dzipatseni theka la ola, foni ili m'thumba. Kachipinda kapamwambako nkakang'ono, ndipo masitepe ake akhoza kuvuta amene maondo amawapweteka. Ana aang'ono akhoza kutopa msanga, ngakhale panja pali zambiri zowasangalatsa, monga takisi yakuda imene pamwamba pake patuluka mtengo wachitsulo. Valani zofunda chifukwa mphepo ya pamtsinje imaluma. Amene muli kumudzi kapena ku Johannesburg mukhoza kuimvera pa intaneti nthawi iliyonse, ndipo ndayesapo pa mahedifoni nthawi yopuma usiku kuntchito. Imatonthoza ndithu, koma mawu akuya aja amene amagwedeza chifuwa amakhalako pang'ono chabe.

Panja, m'mbali mwa khoma la mtsinje, pali belu lalikulu lopangidwa ndi Marcus Vergette, limene limaimbidwa ndi madzi akakwera. Ife tinapeza madzi ataphwa, matope ali poyera, mbalame zikutolatola, belu lili duu. Mwanayo wayang'ana kale tsiku limene madzi adzakwere masana a Lamlungu, ndipo ndapempha kale mnzanga kuti tisinthane shifiti.