Chigubu chabuluu cha malita 5 cha mankhwala a chimbudzi cha motorhome: fungo chimapha ndithu, koma wogulitsayo musamumvere

Ndapereka nyenyezi ziwiri. Mwa zitatu zasowazo, imodzi yapita chifukwa cha mankhwalawo, ziwiri zadyedwa ndi bambo wa pa kauntala.

Chigubu chake ndi chija chokhala ndi dzina la shopu yomweyo, chimene amaunjika pakhomo pa mtengo wotsika kuposa kabotolo ka Thetford, kampani yopanga zimbudzi za motorhome ndi mankhwala ake. Motorhome, galimoto yogonamo ija, ili ndi chimbudzi cha Thetford C260, chokhala ndi kaseti (kathanki kosolola kosungira zonyansa) ya malita 17.5, ndipo ulendo unali wa NC500, msewu wozungulira kumpoto kwa Scotland, kuyambira ku Inverness nyengo yotentha. Funso linali limodzi lokha: kodi mankhwala awa amaloledwa m'makampu a ku Highlands, dera lamapiri la kumeneko? Mkulu wa pa kauntalayo anayankha kuti pa mankhwala a chimbudzi buluu ndi wobiriwira ndi utoto chabe, wobiriwira amangomukwezera mtengo kuti adyere anthu okonda zachilengedwe. Ankalankhula motsimikiza ngati kaseti anabadwa nayo. Linali bodza lamkunkhuniza.

Kumpoto chakumadzulo kwa Scotland malo ambiri sanalumikizidwe ku mapaipi a suweji. Makampu ang'onoang'ono amadalira septic tank, thanki yapansi yolandira zonyansa, ndipo thanki imeneyi imayenda chifukwa cha mabakiteriya amene amagaya zonyansa. Mankhwala abuluu ambiri amathetsa fungo popha mabakiteriya, ena mwa iwo amakhala ndi formaldehyde. Makaseti angapo otere akatayidwa mu septic tank, thankiyo imasiya kugaya, imanunkha, ndipo mwini kampu amalipira galimoto yodzapopa kuchokera kutali. N'chifukwa chake pa malo otayira, pamene a ku Britain amati Elsan point, mumapeza chikwangwani chakuti obiriwira okha.

Buluu sabisika. Mayi woyang'anira kampu anangoona madontho pa chitsekerero cha mpopi wotayira, n'kukana mwaulemu koma osasunthika, ndipo sanalakwe. Pamenepo n'kuti kagetsi kofiira kosonyeza kudzaza kwa kaseti katayaka kale. Odziwa chimbudzi chimenechi akudziwa kuti kakayaka ndiye kuti malo otsala ndi a anthu awiri kapena atatu basi. Kutaya m'tchire kapena m'ngalande ya m'mbali mwa msewu n'kosaloledwa, ndipo ndi khalidwe lomweli limene lachititsa kuti eni midzi ya kumeneko aziyang'ana motorhome ndi diso lofiira. Zimbudzi za aliyense za m'njira nazonso zambiri zili pa septic tank. Chotsala chinali kuyenda ndi kaseti yodzaza, yolemera pafupifupi makilogalamu 20, kukasaka kampu yaikulu yolumikizidwa ku suweji.

Kaseti yodzaza mpaka pakamwa siyenera kuyenda, makamaka m'misewu ija yokwana galimoto imodzi, ya zitunda ndi makona, mabuleki pa malo alionse opatukirana. Zamkati zimamenya kachitseko kotsetsereka kotseka pakati pa mbale ndi kaseti, kutentha ndi kukwera mapiri kumawonjezera mpweya mkati, ndipo kavalavu kotulutsa mpweya, kamene kanapangidwira mpweya wokha, kamayamba kulavula madzi. Pofika pa malo otayira, pansi pa kachipinda ka kaseti panali thamanda labuluu, ndipo madzi abuluu a mu kaseti mukudziwa kale kuti sakhala okha. Kachipindako kanatsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo, fungo linatha, koma utoto unalowerera m'pulasitiki ndi m'mphepete mwa labala wa kakhomo. Mpaka pano ulipo. Ana m'galimoto maola onsewo osaloledwa kulowa kuchimbudzi, zonsezi chifukwa munthu wina anachita manyazi kunena kuti sakudziwa.

Mabodza a wogulitsa uja sanathere pomwepo. Anati mankhwala azithiridwa m'mbale ya chimbudzi kachitseko kali kotsegula. Buku la chimbudzicho limaletsa zimenezi, chifukwa mankhwala osasungunula amawononga labala amene amagwira kachitseko. Labalayo akauma kapena kufufuma, madzi sakhalanso m'mbale ndipo fungo limakwera usiku wonse. Njira yake ndi iyi: tulutsani kaseti, iimikeni, tembenuzirani mpopi wotayira m'mwamba, thirani mankhwala pampopipo, onjezerani malita 2 kapena 3 a madzi kuti pansi ponse pamire, tsekani, igwedezeni pang'ono, kenako ibwezereni mpaka imveke kuti yakola. Madziwo musawaumire. Kaseti youma ndi imene imapanga kaphiri ka tishu pansi penipeni pa kachitseko, ndipo kaphiri kameneko palibe mankhwala amene angakagwetse.

Ananenanso kuti mankhwala apinki azithiridwa m'thanki ya madzi. Apa ndiye poopsa. Apinki ndi a thanki yogejemulira, pa zimbudzi zimene zili ndi thanki yakeyake. Ma motorhome ambiri amagejemula ndi madzi ochokera m'thanki yaikulu, yomweyo imene imapereka madzi kusinki ndi kushawa. Mukathira pinki mmenemo mwathira m'madzi otsukira makapu. Wa galimoto yotere agule yopopera m'mbale, kapena angosiya, pinki si wofunikira kwenikweni.

Chizindikiro cha pa chigubu nachonso n'chaulesi. Muyezo wake akuti chitsekerero chimodzi, osanena kuti pa thanki ya malita angati, ndipo za septic tank sanatchulepo chilichonse. Yerekezani ndi Aqua Kem Blue Concentrated, imene imalemba poyera kuti 60 ml pa thanki ya malita 20, kapena Aqua Kem Green Concentrated, 75 ml pa thanki yomweyo. Ndi manambala otere munthu umatha kuwerengera mtengo wa kaseti imodzi, ndipo umapeza kuti chigubu chachikulu chosungunula kale sichitchipa monga chimaonekera, kuwonjezera apo chimadya malo ndi kulemera.

Koma chilungamo chinenedwe, mankhwala eni akewo si oipa. Pa ntchito yopha fungo amagwira, ngakhale galimoto itakhala padzuwa tsiku lonse mazenera otseka. Tishu wamba wopyapyala amasungunuka bwino, potaya zimatuluka zamadzimadzi popanda kutseka mpopi, ndipo kafungo kake si kaja kolasa m'mphuno. Kwa munthu amene amangogona m'makampu akuluakulu a suweji, chigubu ichi chingamutumikire chaka chonse osadandaula, bola avale magolovesi chifukwa utoto wake suchoka msanga m'zikhadabo. Chikanagulitsidwa ndi munthu woona mtima chikanalandira nyenyezi zinayi.

Wopita ku Highlands, kuzilumba kapena m'makampu a m'mafamu atenge wobiriwira amene walembedwa poyera kuti ndi wololedwa mu septic tank, asangodalira mtundu wa botolo. Obiriwira satenga nthawi yaitali ngati abuluu, ngakhale Thetford yeniyeniyo imalemba masiku 4 pa wobiriwira ndi 5 pa wabuluu. Kukatentha musadikire kagetsi, tayani pakatha masiku awiri kapena atatu. Posintha kuchoka ku buluu, tsukuluzani kaseti kangapo mpaka madzi atuluke oyera, apo ayi zotsalira zimafooketsa wobiriwirayo ndipo mudzamunena kuti ndi wachabechabe. Timapaketi tosungunuka ndi tabwino kwa amene safuna zoyeza, koma tigwireni ndi manja ouma ndipo tisungeni pouma, tikanyowa timamatirirana. Anthu ambiri ku Britain amathira sopo wamadzi wochapira zovala wa bio, uja wokhala ndi ma enzyme ogaya litsiro. Amagaya bwino ndipo amayeretsa mkati mwa kaseti, koma pa fungo la nyengo yotentha amaperewera, komanso ndi bwino kufunsa kaye mwini kampu. Wotopa ndi mankhwala onse aike SOG, kafani ka 12V kamene kamayaka kachitseko kakatseguka n'kukokera fungo panja kudzera mu fyuluta ya makala. Mkati mumakhala bwino, koma woyandikana naye pa kampu amadziwa fyuluta ikatha.

Mankhwala alionse amene mwasankha, jiki asalowe mu kaseti, amadya malabala. Labala wa kachitseko muzimupaka silikoni yopopera kapena mafuta a olivi, osati Vaseline kapena mafuta ena ophikira. Potaya, lozetsani mpopi pansi kaye kenako dinani batani la mpweya, mukayamba ndi batani zimatulukira pachala. Potsukuluza musaikhutchumule mwaukali kapena kulowetsamo paipi ya madzi amphamvu, mkati muli kachoyandama kamene kamayatsa kagetsi kaja, kakathyoka kapena kukoledwa ndi tishu mudzangodziwira m'mbale kuti mwadzaza. Kawiri kapena katatu pachaka iviikeni usiku wonse ndi mankhwala otsukira kaseti m'madzi ofunda kuti chikanga cha mkodzo chichoke, chifukwa fungo lija losatha ngakhale mutathira mankhwala ochuluka bwanji limachokera pamenepo.

Chigubu chitabwezedwa kushopu anakana kuchilandira poti chinali chotsegula, zimene n'zomveka, koma ngakhale pepani sanatuluke, ndipo mulu uja ukadali pakhomo popanda kachikwangwani kochenjeza. Mtsikana wina wa mbali ya matenti ndi amene anafotokoza za septic tank molondola asanafunsidwe n'komwe, n'kusonyeza shelefu ya obiriwira imene inabisika kuseri kwa mipando yopinda. Mukalowa mushopu imeneyi, pitani kwa iyeyo.