Mazda MX-5: yakale ija kapena ND?

Okonda MX-5, kagalimoto ka Mazda kotsegula denga, mkangano wawo sutha, ena akuti galimoto ndi ya 1989 ija basi, zinazi nzoseweretsa. Nzoona NA, yoyamba ya 1989 ija, ndiyokoma, nyali zake zimachita kudzuka pa boneti ngati munthu akutsegula maso, injini ya malita 1.6, kulemera kosafika ndi tani imodzi yomwe, ndipo pokhota chiwongolero chimakuuza zonse zomwe matayala akukumana nazo pansi. Koma dzimbiri abale! Musanapereke ndalama gwadani muone kunsi kwa zitseko chakumatayala akumbuyo, timapaipi totulutsa madzi a padenga tikatsekeka madzi amangokhala mmenemo nkumadya chitsulo mkati, kunja penti ikuwala bwinobwino ngati palibe vuto.

ND, mtundu wachinayi wa MX-5 womwe unabwera 2015, a Mazda anayesetsa, sanainenepetse ayi, ya injini ya malita 2.0 ya 2019 imakoka mpaka 7,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ndipo denga umatsegula ndi dzanja limodzi uli pampando pomwepo. Chondibowa nchoti malo oika tinthu mkatimo ndi ochepa zedi, komanso anzathu ataliatali mawondo muvutika nawo. Ine yoyendera tsiku lililonse ndingatenge ND, NA ikufuna munthu woti amadziwana ndi wowotcherera wabwino.