Ndinakaona Airborne Museum Hartenstein ku Oosterbeek

Ndatha chaka ku Wageningen ndikuphunzira za ulimi, koma ku Oosterbeek ndinali ndisanapondeko mpaka Loweruka lapitali. Anandikoka ndi mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Poland, amene analumbira kuti sabwerera kwawo asanaone malowo. Tinapalasa njinga, ine ndikuwefuka pa zitunda zomwe anthu amanama kuti ku Netherlands kulibe.

Myuziyamuyi ili m'chinyumba choyera chomwe kale chinali hotela. Mu September 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Roy Urquhart, mkulu wa asilikali a Britain otsika ndi maparachuti, anaika likulu lake momwemo. Kuyambira pa 17 September anatera asilikali pafupifupi 10,000 kuti alande kwa Majeremani mlatho wa pa mtsinje wa Rhine mumzinda woyandikira wa Arnhem. Zinawakanika. Usiku wa pa 25 September, amene anawoloka mtsinje wa Rhine n'kupulumuka anali pafupifupi 2,400 basi, ndipo opitirira 6,000 anagwidwa ndi Majeremani.

Pansi pa nyumbayi pali chomwe amachitcha Airborne Experience. Umakhala m'ndege yopanda injini, kenako n'kutulukira m'misewu yogumuka, mumdima, mfuti zikulira mbali zonse. Ine, bambo wandevu zanga, ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa botolo la madzi. Muli ndi ana aang'ono, yambani mwaganiza musanatsike nawo.

Koma zomwe zinandikhalitsa si phokosolo ayi. Ndi zipinda zam'mwamba, momwe muli mayunifomu, zithunzi ndi nkhani za anthu wamba. Sindinkadziwa kuti kumenyana kwa pamlathoko kutatha Majeremani anathamangitsa anthu onse a mu Arnhem, ndipo pobwerera mu 1945 anapeza nyumba zawo zitaphwasuka, katundu atasesedwa. Akaidi aja nawonso anaona kwawo m'chaka chomwecho. John Frost, amene anakakamira pamlathowo masiku angapo ndi anyamata ake mpaka kuvulala n'kugwidwa, anamasulidwa mu March 1945. Lero mlathowo umatchedwa dzina lake. Zolembedwa za m'myuziyamuyi zilinso m'Chingerezi, choncho palibe chokusowetsa.

Titatuluka mnzanga uja anali chete. Anati tikwere boti laling'ono lowolotsa anthu ndi njinga kupita ku Driel, kumene asilikali a ku Poland anatera pa 21 September. Tili pakati pa mtsinje ndi pomwe anayamba kundifotokozera za Stanisław Sosabowski, mkulu wawo. Akuluakulu ena a Britain anamukankhira mlandu wa kulephera konseko, nachititsa kuti achotsedwe pa udindo. Nkhondo itatha, anzake a ku Britain anapita kwa amayi awo ndi akazi awo, koma iye ndi anyamata ake ambiri sanabwerere, pakuti Poland inali itagwa m'manja mwa boma la chikomyunizimu. Jenerali wathunthu anakagwira ntchito ya m'fakitale ku London, namwalira mu 1967. Ulemu wa dziko la Netherlands unafika mu 2006, mwini wake atagona kale zaka 39.

"Achimwene," anatero, pakuti ndi liwu lokhalo la Chichewa lomwe ndinamuphunzitsa, "kwathu agogo ankanena nkhaniyi monong'ona."

Pobwerera tinaima kumanda a asilikali ku Oosterbeek, komwe chaka chilichonse mu September ana a sukulu amaika maluwa pamanda alionse, mwambo womwe unayamba mu 1945. Iye anapita molunjika pamiyala yolembedwa m'Chipolishi, ine ndinatsala ndikulondera njinga.

Mukafuna kupitako, patulani maola atatu a myuziyamu yokha, ndipo funsiranitu nthawi imene boti la ku Driel limayenda. Nyamulaninso jekete lamvula. Ine ndinasiya langa pampando ndipo ndinafika ku Wageningen nditanyoweratu chee.