Ndemanga: Honda Fit Hybrid GP5 ya pa yadi, giyabokosi yake ndi waranti ya pakamwa

Galimoto payokha ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Chithandizo cha ogulitsa mukangotuluka nayo pa geti ndikuchipatsa nyenyezi imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mapepala basi, chifukwa za msonkho ku MRA ndi blue book ku Road Traffic amazithamangira bwino. Ndikunena Honda Fit Hybrid ya GP5, yomwe inayamba kupangidwa mu 2013, imene imafika kuno kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, n'kumagulitsidwa m'mayadi a magalimoto ndi lonjezo lakuti "mwezi umodzi, injini ndi giyabokosi".

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Injini ndi ya 1.5, yothandizana ndi mota ya magetsi ndi batire ya lithium-ion yomwe ili pansi pa buti. Petulo imamwa pang'ono: m'tauni ikakhala bwino imayenda makilomita 18 mpaka 22 pa lita. Nambala ya 36.4 imene ogulitsa amakonda kutchula ndi ya mayeso a ku Japan, pa misewu yathu musaiyembekezere. Mipando yakumbuyo imapindika n'kugona pansi, moti matumba a chimanga amalowa bwinobwino. Koma ndi yotsika, mamilimita 135 okha kuchokera pansi, choncho pa hampu yaitali imakhula ikadzaza anthu. Ndipo ambiri amadzidzimuka tayala litaphulika kale kuti mulibe sipeya. Malo ake anatenga batire, ndipo ku Japan imabwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu. Tsegulani buti musanalipire, chifukwa ogulitsa sakuuzani.

Nkhani yonse ili pa giyabokosi. Anthu ambiri, ngakhale ogulitsawo, amaiyesa CVT, giyabokosi ya otomatiki yoyendera lamba, monga ya Fit ya petulo yokha kapena ya Fit Hybrid yakale ya GP1. Si CVT ayi. Ndi ya magiya 7 yokhala ndi makilatchi awiri ouma, yomwe Honda imaitcha i-DCD, ndipo ndi yomweyinso imapezeka mu Vezel, Grace ndi Shuttle za hybrid za zaka zimenezo. Kilatchi imodzi imagwira magiya 1, 3, 5 ndi 7, komwenso kwalumikizidwa mota ya magetsi. Inayo imagwira 2, 4 ndi 6. M'kati mwake ndi manual ndithu, kungoti woponda kilatchi ndi kompyuta, kudzera mu actuator, kachipangizo kokankha kilatchi ndi mafuta a mabuleki a DOT 4. Poti makilatchiwo ndi ouma, sasambira mu oyilo, ndiye akatentha palibe chowaziziritsa kupatula mpweya.

Apa ndi pamene pamayambira vuto. Batire yaikulu ya lithium-ion ija ikakhala ndi moto, mota ndiyo imanyamula galimoto poyamba kuyenda ndipo kilatchi imapuma. Koma mukakhala pa mzere wautali wa magalimoto, eyakoni ikuzizira, moto umatha, injini imadzuka, ndipo kuyenda kwa kachidutswa kachidutswa kuja kumachitika kilatchi itagwira theka. Pa chitunda cha Masauko Chipembere Highway popita ku Limbe madzulo, kapena kumbuyo kwa thiraki yolemedwa pokwera Khwekhwerere, kilatchi imapsa. Pa dashibodi pamatuluka uthenga wa Chijapani wonena kuti giyabokosi yatentha, muimike pamalo abwino. Ngakhale ku Japan komweko magalimoto a giyabokosi imeneyi anaimapo pa mzere pokwera msewu wa Irohazaka ku Nikko. Zikatero patukani, ikani pa P, musazimitse, dikirani mpaka uthengawo uchoke. Ndipo pa chitunda musamaigwire galimoto ndi accelerator. Pondani buleki, siyani mpata kutsogolo, kenako yendani kamodzi.

Honda yokha inavutika nayo giyabokosiyi itangotuluka. Fit Hybrid inaitanidwa kuti ikakonzedwe kasanu pasanathe chaka ndi miyezi iwiri: mu October ndi December 2013, mu February, July ndi October 2014. Maulendo atatu oyambawo anali okhudza pulogalamu yoyendetsa giyabokosi, yomwe inkapangitsa kuti giya isalowe kapena galimoto ikane kuyenda. Mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, Takanobu Ito, anadulidwa 20 peresenti ya malipiro ake kwa miyezi itatu. Choncho GP5 ya 2013 kapena 2014 musanaigule, tengani nambala ya chesisi, yoyamba ndi GP5, muifufuze pa webusaiti ya Honda ya ku Japan. Za 2017 kupita m'tsogolo zimasintha magiya mofewa kwambiri, ndipo ngati thumba likulola, zimenezo ndiye zogula.

Zizindikiro zimabwera sabata zoyambirira, nthawi zambiri galimoto ikatentha. Imanjenjemera poyamba kuyenda. Imagunda posintha kuchoka pa 2 kupita pa 3. Mukaika pa R imakhala kaye phee, kenako n'kudumpha. Nthawi zina chilembo cha giya pa dashibodi chimaphethira ndipo galimoto imataya magiya a mbali imodzi, injini n'kumalira kwambiri liwiro lili lochepa. Zonsezi sizitanthauza kuti giyabokosi yafa. Mmisiri woidziwa amayambira pa zotchipa.

Choyamba ndi batire yaing'ono ya 12V. Galimoto imene yakhala milungu yambiri m'sitima, padoko ndi pa yadi imafika batire itafooka, ndipo batire yofooka imasokoneza makompyuta onse, magetsi ochenjeza n'kuyaka ambirimbiri nthawi imodzi. Iyezeni m'mawa musanalize: isatsike pa mavolti 12.4. Mukayatsa mpaka pa dashibodi patuluke READY, chizindikiro choti galimoto yakonzeka kuyenda, ikwere cha m'ma 14. Galimotoyi ilibe alternator, batire yaing'ono imatchajidwa kuchokera ku yaikulu, ndiye wina akakuuzani kuti alternator yafa dziwani kuti sakuidziwa.

Chachiwiri ndi mafuta a actuator aja. Ali m'kabotolo kakang'ono kapadera, osati ka mabuleki, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. DOT 4 imayamwa madzi a mumpweya. Yatsopano imakhala yoyera mooneka ngati yachikasu pang'ono, koma m'magalimoto ambiri a pa yadi mukatsegula kabotoloko mupeza yakuda ngati tiyi wopanda mkaka, pansi pali matope. Mafuta oterowo akatentha sakankha mokwanira, ndipo kilatchi sitseguka bwino. Ayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupopa za m'kabotolo zokha sikokwanira. Pamafunika mashini a diagnosis oyendetsa actuator kuti akale atuluke onse pamodzi ndi mpweya.

Chachitatu ndi kuiphunzitsa kompyuta. Kilatchi ikamadyeka, malo amene imagwirira amasuntha, ndipo kompyuta imafunika kuuzidwa malo atsopanowo. Ntchitoyi amaitcha clutch learning, imachitika ndi mashini ngati HDS ya Honda, kapena Launch ndi Autel zokhala ndi pulogalamu yake. Ichitike mukasintha mafuta, kilatchi, actuator kapena giyabokosi yonse. Magalimoto ambiri onjenjemera amachira pamenepa osamasula bawuti ngakhale imodzi. Ikakana kumaliza learning, ndiye kuti kilatchi yathadi kapena actuator yatopa, ndipo apo m'pamene giyabokosi imatsitsidwa. Kilatchi imasinthidwa yonse pamodzi ndi mabeyaringi ake, osati mbale imodzi.

Oyilo wa giyabokosi ndi ATF DW-1, ndipo salowa ngakhale malita awiri. Ntchito yake ndi kufewetsa magiya ndi kuziziritsa mota ya magetsi yomwe ili m'kati momwemo.

Tsopano ogulitsa. Chimene chimapweteka si kuti galimoto yapezeka ndi vuto, chifukwa galimoto ya zaka khumi siingakhale yopanda kanthu. Chopweteka ndi momwe amakuyendetserani mpaka mwezi uja uthe. Ulendo woyamba mnyamata wa pa yadi amalumikiza kamashini kakang'ono pansi pa chiwongolero, n'kufufuta ma code onse, manambala a zovuta amene kompyuta imasunga, kapena amangochotsa chingwe cha batire kwa mphindi zochepa. Magetsi amazima, akuti "zatheka bwana, inali sensa chabe". Palibe chomwe chakonzedwa. Choipa kwambiri n'chakuti pamodzi ndi code, kompyuta imasunga liwiro, kutentha ndi giya imene inalipo pamene vuto limachitika, ndipo zonsezo zapita. Umboni wanu wafufutidwa inu mukuona.

Ulendo wachiwiri mlandu umakhala wanu. Mukuyendetsa molakwika, mwathira petulo woipa, mwaidutsitsa m'madzi. Ulendo wachitatu abwana kulibe, apita kukatenga magalimoto ku Dar, bwerani sabata yamawa. Sabata yamawayo ikafika waranti yatha, ndipo poti inali ya pakamwa, aliyense amaikumbukira mwake. Mumamva kuti kilatchi si giyabokosi, ndi chinthu chodyeka ngati mapadi a mabuleki, choncho siili pa waranti. Pa galimoto imeneyi mawu amenewo amachotsa pa waranti chinthu chokhacho chimene chimafa kawirikawiri.

Ndiye pali sevisi ija amati "takuchitirani kale". Ambiri amathira oyilo wolemera wa 20W-50 mu injini yofuna wopepuka wa 0W-20. Injini ya hybrid imazima ndi kudzuka kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba ikadzuka, komanso petulo amayamba kutha msanga. Ena amathira oyilo wa CVT mu giyabokosi poganiza kuti Fit iliyonse ndi CVT. Eyakoni nayo ili ndi kompuresa ya magetsi amphamvu, yofuna oyilo wake wosadutsa magetsi. Wodzaza gasi wa m'mbali mwa msewu akathiramo oyilo wamba wa PAG, kompyuta imaona ngati magetsi akuthawira ku bodi, ndipo galimoto ikhoza kukana kulowa pa READY. Afunseni botolo lenileni limene anathira. Akalephera kulionetsa, tsitsani zonse mwa inu nokha sabata yoyamba.

Akavomera kukonza, njira yawo ndi imodzi: kugula giyabokosi ya kaunjika yochotsedwa m'galimoto ina, inu n'kulipira theka. Imaikidwa osaona kilatchi yake, osasintha DOT 4, osachita learning. Pakatha miyezi iwiri kunjenjemera kuja kwabwerera. Kunena chilungamo, zing'onozing'ono monga mawaipa, mababu ndi kusintha wailesi ya Chijapani amachita mosanyinyirika. Koma zimenezo munthu angathe yekha.

Wogula angadziteteze, koma ayambe asanapereke ndalama. Pemphani auction sheet, pepala la pa okushoni ku Japan lofotokoza momwe galimoto inalili, ndi export certificate, pepala la boma lotulutsira galimoto ku Japan. Pa auction sheet, giredi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino, pamene R kapena RA ndi galimoto yomwe inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Export certificate imaonetsa makilomita amene analembedwa pa mayeso a boma omaliza ku Japan, ndi madeti ake. Ngati pepalalo likuti 140,000 koma dashibodi ikuti 68,000, wina wabweza mita, ndipo kilatchi ndi ya 140,000 ija. Poyesa galimoto musavomere kungozungulira yadi. Iyendetseni theka la ola, eyakoni ili pamwamba kuti batire yaikulu itsike, kenako muimike ndi kunyamuka pa chitunda kangapo motsatizana, muikenso pa R itatentha. Pitani ndi mmisiri wanu wokhala ndi mashini, awerenge makompyuta onse, osati a injini okha. Onaninso kamalo kolowera mpweya woziziritsa batire pambali pa mpando wakumbuyo. Kakatsekeka ndi fumbi batire imatentha, mota imachepetsa mphamvu, ndipo katundu yense amagwera kilatchi.

Waranti ilembedwe pa lisiti, ndi deti loyambira ndi lothera, makilomita a tsikulo, ndi mawu awa mosabisa: kilatchi, actuator, batire ya hybrid. Palembedwenso kuti vuto lonenedwa mwezi usanathe likhalabe pa waranti mpaka litakonzedwa. Wogulitsa wokana kulemba zimenezi, muuzeni achotse pa mtengo ndalama ya kilatchi yatsopano ndi ya mmisiri, mutafunsiratu mitengo yake kwa ogulitsa masipeya.

Vuto likabuka, musathamangire ku yadi. Jambulani vidiyo ya dashibodi, mita ikuoneka. Pitani kaye kwa mmisiri wapadera awerenge ma code, awajambule kapena awasindikize, koma asafufute kanthu ndipo asamasule chilichonse, chifukwa akangomasula ogulitsa apeza pothawira. Kenako lemberani ogulitsa kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp tsiku lomwelo, kutchula vuto, ma code ndi tsiku limene mukufuna kuti akhale atakonza. Posiya galimoto, alembe makilomita ndi mlingo wa petulo, asayine. Poitenga, akuonetseni zida zakale zimene achotsa, ndipo ngati akuti asintha kilatchi, mashini aonetse kuti learning yamalizidwa.

Akapitiriza kukuzengerezani, dandaulo limapita ku Competition and Fair Trading Commission, yomwe imalandira madandaulo a ogula pa katundu wosayenera ndi malonda achinyengo, ndipo bungwe loimira ogula la CAMA limathandizanso ndi malangizo. Tengani lisiti, pepala la waranti, export certificate, zithunzi za ma code, mavidiyo ndi mauthenga onse, mowasanja ndi madeti. Ngati mita inabwezedwa, yambani ndi imeneyo, chifukwa manambala awiri osiyana pa pepala la ku Japan ndi pa dashibodi safuna mmisiri kuti awamasulire.