Python patatha miyezi yambiri: zomwe zandithandiza ndi zomwe zandikhumudwitsa

Chaka chatha ndinalemba kuti aliyense wofuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ayambe ndi Python, ndipo ena mwakhala mukundifunsa ngati ndikadali pa mawu omwewo. Ndikadali pomwepo, kungoti tsopano ndili ndi madandaulo omwe kale ndinalibe.

Ntchito yanga yambiri ndi yokonza mafayilo a Excel omwe anthu amadzaza m'maboma. Apa Python yandipulumutsa zedi. Wina walemba "Mzimba", wina "MZIMBA", wina waika mpata kumapeto, ndiye Excel yameza ziro woyambirira pa manambala onse a foni pomwe ena anayamba ndi +265. Ndi pandas, chida chomwe Wes McKinney anayamba kulemba mu 2008, mizere yochepa chabe imakonza zomwe ndinkathera tsiku lonse. Mawu a Python amawerengeka bwino, moti ndikabwerera ku zomwe ndinalemba kalekale ndimazimvabe.

Koma chomwe chandipindulira kuposa Python yeniyeniyo ndi SQL, chilankhulo chofunsira mafunso m'madatabesi (mapulogalamu osungiramo zinthu m'matebulo). Vuto la pandas n'lakuti imanyamula fayilo yonse n'kuika mu RAM (momwe kompyuta imasunga zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito), ndipo pa laputopu ya 4GB fayilo ikakula pang'ono makina amangouma, fani ili kulira. Python imabwera kale ndi sqlite3, chida chogwiritsira ntchito SQL pa databesi yaing'ono yotchedwa SQLite, osafunika kutsitsa kalikonse. Mukaika zinthu zanu mu SQLite, funso lakuti "boma lililonse lalandira zingati mwezi uno" limayankhidwa ndi lamulo limodzi la SQL lotchedwa GROUP BY, laputopu osatuluka thukuta. SQL inayambira ku IBM m'zaka za m'ma 1970 ndipo mpaka lero sinakalambe. Zomwe mwaphunzira pa SQLite zambiri zimagwiranso pa PostgreSQL ndi MySQL, ndipo mabanki, zipatala ndi mabungwe amasunga zinthu zawo m'madatabesi otere. Amene akufuna ntchito, SQL asaisiyire kumapeto.

Git nayonso, pulogalamu yosunga mbiri ya zomwe mwasintha m'mafayilo anu, yomwe Linus Torvalds analemba mu 2005, musaizengereze. Imagwira popanda intaneti, ndipo imathetsa mafayilo aja a "final", "final2", "final_yeniyeni".

Tsopano zondinyansa. Kuika ma package (zida zowonjezera zolembedwa kale ndi ena) mu Python ndi chipwirikiti. Pulojekiti iliyonse imafuna venv yakeyake (foda yosungiramo ma package a pulojekitiyo), ndipo kwa ife ogula bandulo ya intaneti, ma package akuluakulu amatha ndalama. Python 3.12 itatuluka mu 2023 anachotsamo distutils, chida chakale chomangira ndi kuikira ma package, ndiye zida zina zakale zinangokana kulowa, uthenga wa vutolo wosamveka kwa munthu woyamba kumene. Chida choikira ma package chotchedwa uv, chomwe chinatuluka mu 2024, chapeputsako zinthu: n'chachangu ndipo chimasunga zomwe mwatsitsa kale. Komabe wophunzira amayenera kudziwa pip (chida chozolowereka choikira ma package), venv ndi uv asanalembe chilichonse chothandiza, zomwe sizoyenera.

Choipa kwambiri ndi kupatsa munthu wina pulogalamu yomwe mwalemba. Mnzanu wa muofesi alibe Python pa kompyuta yake. Mukaimanga ndi chida cha PyInstaller kuti iyende pa kompyuta yopanda Python, imatuluka fayilo yaikulu modabwitsa, ndipo nthawi zina antivirus imaigwira ngati wakuba. Mapeto ake ndimangoiika pa seva ndi Django, chida cha Python chopangira mawebusaiti, kuti anthu azilowa kudzera pa browser. Mukafika pamenepo JavaScript simungaithawe, chifukwa ndi yomwe imayendetsa mabatani ndi mafomu mu browser. Ine sindiikonda, koma sizitengera kukonda.

Nanga za pa foni? Anthu ambiri kuno intaneti amaionera pa foni ya Android, ndipo Python kumeneko si kwawo. Kivy, yopangira ma app a pa foni ndi Python, ilipo, koma ndinaiyesa n'kuisiya. Ngati maloto anu ndi app ya pa foni, pitani ku chilankhulo cha Kotlin, chomwe Google inachiika patsogolo pa Android mu 2019, kapena ku chida cha Flutter ndi chilankhulo chake cha Dart. Za USSD zokha, zija timadina tikamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, n'zosiyana: kuseri kwake kumangofunika seva yoyankha mauthenga afupiafupi, ndipo Django kapena chida chinzake cha Flask imakwanitsa bwinobwino.

Ena amafunsa ngati n'kofunikabe kuphunzira poti ChatGPT imalemba yokha. Python imailembadi bwino. Koma imalakwitsa molimba mtima, ndipo ndaionapo ikupereka dzina la function yomwe kulibe. Wosadziwa kuwerenga code sangaone.

Rust, chilankhulo china chodziwika ndi liwiro, ndaisiya kaye. Ndi yabwino, uv yomwe ija inalembedwa mu Rust, koma sindinakumanepo ndi ntchito yomwe Python inachedwa mpaka kufunika Rust. Nthawi zonse chochedwetsa chinali funso la SQL lolembedwa moipa kapena tebulo lopanda index (kalozera wothandiza databesi kupeza zinthu msanga).